Lumo la Madala a ku Bontleng

Zaka zomwe ndinkaphunzitsa za zitsulo pasekondale ina ku Gaborone, Loweruka lililonse ndinkasula malumo kuseri kwa nyumba yathu ku Maruapula. Ndinkatola matupa akutha kusukulu, n'kuwawotcha pamakala, kuwasula, kuwapera mpaka atapyapyala, kenako n'kuwaviika ali psuu mu oyilo wakutha wa galimoto. Zogwirira zinali za nyanga, poti ng'ombe kumeneko n'zosayamba. Mkazi wanga ankati ndinakwatira mitala, wachiwiri ndi mbaula. Sindinkatsutsa.

Ndivomere kuti ndinkadzimva shuga. Kwa ine lumo labwino linali lolimba koposa, loti tupa likadutsapo lingoterereka.

Kutchalitchi kwathu kunali madala ena a ku Chipata, mlonda wa pasitolo, amene ankakhala m'kachipinda ka lendi ku Bontleng. Ndiwo ankalandira anthu pakhomo, chibwano chili see, jekete litasitidwa. Lumo lawo lakale litathyoka, ndinawapatsa langa lonyaditsa, ndipo anandithokoza ndi manja awiri.

Patapita miyezi iwiri, pakhomo panayamba kuima munthu wina. Masabata atatu madala osaoneka. Ndinakwera kombi kukawazonda, poganiza kuti adwala. Ndinawapeza ali gwa, koma ndevu zoyera zili nyankhalala.

"Bambo, mwatitaya bwanji?"

Anazengereza, kenako anatulutsa lumo lija ndi kamwala kawo konolera, kakale, kokumbika pakati.

"Ba ticha, chisulo chanu n'chokosa maningi. Mwala wanga wakangiwa. Manje ningaimilile bwanji pakhomo ya Mulungu na ndevu izi?"

Ankatanthauza kuti chitsulocho chinalimba kwambiri moti mwala wawo unalephera kuchinola. Ndinawauza kuti ometa ali mbwee pamsewu. Anapukusa mutu. Kuyambira unyamata wawo palibe munthu anawagwirapo chibwano, ndipo sankafuna kuyamba atakalamba. Kundiuza msanga anaopa, kuti zingaoneke ngati akunyoza mphatso. Manyazi anandigwira. Ndinali nditasula lumo loti anthu azinditama nalo, osaganizako za mwala wa mwini wake, kapena manja awo omwe anali atayamba kunjenjemera.

Lumo ndi mwala uja ndinapita nazo kunyumba. Loweruka lotsatira ndinachotsa chogwirira, lumolo n'kuliika mu uvuni wa mkazi wanga, iye akudandaula kuti masikono ake azinunkha galaja. Ndinakhala pansi pakhitchini, maso pagalasi la uvuni, mpaka chitsulo chitasanduka mtundu wa udzu wouma. Pamenepo chimakhala chitafewako pang'ono: chimagwirabe kuthwa, koma chimamvera mwala. Ndinaperanso m'mbali kuti mukumbike, msana ndinausiya wonenepa. Lumo lotero ukaligoneka pamwala limadzipezera lokha kapendekedwe, dzanja silichita kusaka. Mwala wawonso ndinausalaza poukhutiza pasimenti.

Ndinabwerera ku Bontleng masana a tsiku lomwelo, dzuwa likuswa mtengo. Madala anadontheza madzi pamwala, nayendetsa lumo mwapang'onopang'ono, mutu atapendeketsa ngati akumvera wayilesi. Analipukuta palamba wawo wa thalauza, n'kuliyesa pa ubweya wa pamkono. Unagwa.

Ndinadzipereka kuti ndiwagwirire kalilole, popeza manja awo ankagwedezeka ndithu ndipo ndinkaopa.

"Iyayi, ba ticha. Nkhalani panja."

Ndinakhala pa kreti pansi pa mtengo, mayi wa nyumba yoyandikana akundifunsa m'Chitswana ngati ndathamangitsidwa. Atatuluka, chibwano chinali choyera, kupatula kabala kamodzi pansi pa khutu komwe anamatapo kanyuzipepala. Ndinasangalala ngati mwana.

Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi. Mawa lake linali Lamulungu.

"Mailo kuchalichi musachedwe. Nikakuonani mwachedwa, nizakunkhazikani kumbuyo."