Funso lanu m'chigafa muja

Bambo, chaka chija zipani zitangochuluka, ndinabwera ku holide kuchokera ku yunivesite n'kukupezani m'chigafa pa esiteti ku Mitundu, mukusankha fodya wa bwana. Ndinali ndi mapepala olemba pamanja okapereka kwa aphunzitsi. Mapepalawo ankanena za mabuku a ku Amereka, nkhani za anyamata osauka othamangira chuma, amene amasintha zovala ndi kayankhulidwe koma olemera akalekale n'kumawasekabe. Munati ndikuwerengereni m'Chichewa. Nditafika poti ena amasintha ndi dzina lomwe, munaseka kwambiri. "Ngati mwana wa a Nabanda uja! Anapita ku Joni ali Yakobe, wabwerako ali Jeki." Kenako munaika fodya pansi. "Nanga akalemera, amabwera kudzaona makolo?" Ndinati ambiri sabwera. Munangoti, "Ooh," n'kutolanso tsamba.

Lero pa Nathenje ndinali kumbuyo kwa lole ya mabelo a fodya, ndipo fungo lake landibwezera m'chigafa momwemo. Sindinalemere, Bambo, ndipo mpaka pano sindidziwa ngati ndinkabwera mokwanira musanatisiye. Ndikungokumbukira kuti tsiku lija munapempha mapepalawo, chonsecho Chingerezi simunkachiwerenga. Ndinati ndi a aphunzitsi. Inu munati, "Aphunzitsiwo ukawalembere ena. Awa akhale kuno, uzibwera kudzawaona." Ndinadziwa kuti ndikalembanso zonse kuyambira poyamba, koma sindinatsutse. Munapukuta manja pa buluku kuopa kudetsa mapepalawo. Ndinawapinda bwinobwino n'kukupatsani.