Mtedza wa Mbewu Sukazingidwa

Akulu anga ankabwera ku Kabwe chaka chilichonse dzuwa likayamba kuwawa, chakumapeto kwa Seputembala, ndipo ankabwerera ku Petauke mvula isanagwe. Anachita zimenezi kwa zaka zoposa makumi awiri, kuyambira pamene amuna awo anamwalira. Ndife a bere limodzi, iwo achisamba, ine mzime. Alongo athu awiri amene anali pakati pathu anatisiya kalekale.

Ankatsika minibasi pamsewu waukulu wa ku Bwacha ndi kachikwama ka zovala kochepa ngati ka mwana wa sukulu, koma pambali pawo pali thumba lalikulu la mtedza wosaswa. Unali mtedza wa chalimbana, mbewu yomwe ankadzala amayi athu, ndipo chimwalirire amayi, mbewu imeneyo inali isanadukepo ngakhale chaka chimodzi. Mtedza wa mbewu umasungidwa m'makoko ake mpaka nthawi yodzala itayandikira, ndipo umaswedwa ndi zala, chifukwa ukaupuntha ndi mtengo umang'aluka pakati, sumera. Kumudzi akulu anga analibe manja okwanira. Kuno ndinali ndi ana atatu, kenako adzukulu. Ndinkawaseka kuti sabwera kudzaona ife, amabwera kudzaona zala zathu, iwo n'kuyankha kuti zala za anthu a m'tauni zikapanda ntchito zimayamba kuba.

Choncho Okutobala yense ankathera kuseri kwa nyumba yanga, pansi pa mtengo wa mango. Dzuwa likuswa mtengo, nyenje zikulira mpaka makutu kuwawa, fumbi likulowa ngakhale m'kapu ya madzi, ife tili pamphasa kuswa mtedza. Loweruka ndi Lamlungu ana anga ankabwera ndi mabanja awo. Magetsi akazima mafoni n'kutha moto, adzukulu ankabwera okha kudzakhala nafe, nkhope zili zokwinya poyamba, kenako n'kuyamba kupikisana kuti wadzaza mbale msanga ndani. Akulu anga ankakhala pakati ndi lichero, akusankha. Wofota ndi wosweka unkapita m'beseni, umenewo ndiwo tinkadya ndi kusinjira ndiwo. Wonenepa, wathunthu, unkapita m'chitini chachikulu chokhala ndi chivindikiro. Chitini chimenecho ndicho ankabwerera nacho kumudzi, ndipo aliyense m'nyumba mwanga, ngakhale mwana wongoyamba kuyenda, ankadziwa kuti sichikhudzidwa.

Lamulo limeneli sindinaliphunzire m'buku. Tili ana kunagwa njala, ndipo amayi anapachika mbewu kudenga, ife n'kumagona ndi njala pansi pake tikuiona. Mlongo wanga wina anakwera pamtondo n'kutapako kamanja kamodzi. Amayi, amene sankakonda kumenya, anamukwapula tsiku limenelo akulira okha misozi. Ndinakula ndikudziwa kuti munthu akhoza kugulitsa mbuzi, akhoza kugulitsa bulangeti, koma wodya mbewu ndiye kuti wanena kuti chaka chamawa kulibe.

Ndinene zoona. Ine ndinapuma ntchito ya uphunzitsi, mutu uli mbuu, mawondo amalira ndikamadzuka pampando, ndipo m'mawa uliwonse ndimamwa mapiritsi awiri. Koma sindinkadziona ngati nkhalamba. Nkhalamba anali iwo. Malinga akubwera ndi thumba n'kubwerera ndi chitini, kwathu kunalipo, munda wa amayi unalipo, ndipo ine ndinali ndidakali mng'ono wa munthu, woti akhoza kukalipiridwa chifukwa chothira mchere wambiri m'ndiwo. Chaka chilichonse ndikawaperekeza kokwerera basi, chitini chili pamutu pawo, ndinkabwerera kunyumba mtima uli m'malo.

Chaka chatha anabwera monga mwa nthawi zonse, kungoti chikwama chinali chachikulu, ndipo anali atamangirirapo bulangeti lochindikala. Ndinaseka mpaka misozi. Bulangeti mu Okutobala, ku Kabwe? Ndinawafunsa ngati amva kuti kuno kwayamba kugwa matalala. Anangomwetulira n'kupempha madzi akumwa. Ine mphunzitsi, amene ndinkaona chilembo chimodzi cholakwika m'makope makumi asanu, sindinafunsenso kanthu.

Tinaswa mtedza milungu inayi, chitini chinadzaza. Loweruka lomaliza la Okutobala ndinapita ku Ngungu kukaona mayi wina wa kutchalitchi kwathu amene ankadwala, ndipo ndinabwerako masana, thukuta lili kamukamu. Ndili pageti ndinamva fungo la mtedza wokazinga, ndinakondwa. Ndinazungulira kuseri ndikuvula nsapato.

Mwana wanga wachiwiri, wamkazi, amene amakhala ku Kamushanga, anali atakhala pakampando patsogolo pa mbaula akutakasa mtedza m'chiwaya. Ana ake atatu anali atamuzungulira, masaya ali otupa, akutafuna. Pambali pa mwendo wake panali chitini chija, chivindikiro chili pansi, ndipo mtedza unali utatsika kufika pakati.

Sindikumbukira kuti ndinayenda bwanji kuchoka pangodya ya nyumba kufika pambaulapo. Chimene ndikukumbuka ndi kulira kwa mbama. Ndinamumenya patsaya mwana wanga, mayi wa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, wa ana ake atatu, amene ndinali ndisanamukhudze chichokere kusukulu ya pulayimale. Mthiko unagwera m'fumbi. Ndinamutukwana kuti ana obadwira m'tauni ndi mbuzi, amadya chilichonse chimene chili pafupi ndi pakamwa, kuti sukulu yonse ija sinamuthandize kanthu. Ana aja anasiya kutafuna, mtedza uli m'kamwa.

Iye sanalire. Anagwira tsaya n'kundiyang'ana ngati sakundidziwa.

“Mami,” anatero motsitsa mawu, “ni amami akulu ananipasa. Ananiuza ati kazinga yonse.”

Akulu anga anali atagona pamphasa kuseri kwa thunthu la mango, ndipo ine mu ukali wanga sindinawaone. Anadzuka pang'onopang'ono, akutsamira chigongono.

“Ndine,” anatero. “Ngati dzanja likali kuyabwa, bwera umenye ine.”

Ndinakhala pansi pomwepo ndi chitenje changa cha kutchalitchi. Choyamba chimene ndinaganiza n'chakuti mutu wawo wayamba kusokonezeka, monga zimachitikira okalamba ena, ndipo ndinachita mantha kwambiri. Koma maso awo anali akuthwa ngati kale. Anauza mwana wanga kuti aphule chiwaya mtedza ungapserere, kenako anatembenukira kwa ine n'kuyamba kufotokoza, mawu ali phee, ngati akunena za munthu wina.

Anati mu Febuluwale anagwa m'munda akupalira. Miyendo inangokana, ndipo anagona mumzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litafika paliwombo, akuona nyerere zikuyenda pamkono pawo, mpaka mayi wina woyandikana nawo munda anawapeza. Mtedza umene tinkaswawo anawakumbira amayi a kutchalitchi. Sanandiuze chifukwa ankadziwa kuti ndidzayamba phokoso pafoni. Atakolola anayenda nyumba ndi nyumba kwa achibale kufunsa amene angatenge mbewu ya amayi n'kupitiriza. Onse anakana mwaulemu. Achinyamata akudzala soya, akuti chalimbana amachedwa kukhwima ndipo ntchito yake ndi yambiri. Mwana wawo yekhayo amene anatsala ali ku Lusaka, ndipo khasu analigwira komaliza ali mnyamata. Tsono anagawa mbuzi, anagawa nkhuku, anatseka nyumba, kiyi n'kusiyira mayi amene anawatola m'munda uja. Kuno sanabwere kudzacheza. Anabwera kudzakhala, koma pakamwa pankalemera kupempha malo kwa mng'ono wawo, ndipo milungu yonseyi ankadikira kuti ndifunse za chikwama chachikulu chija.

Chakudza sichiimba ng'oma, amatero akuluakulu, koma ichi chinaimba, ine ndi amene ndinali wogontha.

Sindinavomere. Ndinakwiya kachiwiri, tsopano ndi iwo. Ndinati tipeza anthu aganyu alime. Anandifunsa kuti adzawayang'anira ndani, popeza waganyu wopanda mwini munda amapalira m'mbali mwa njira mokha. Ndinati tisunge mbewuyo mpaka chaka china, mwina apeza mphamvu. Anaseka, nati mtedza woswa kale sudikira munthu, ukagona chaka umafa, ndipo mphamvu za munthu wa zaka zawo sizibwerera ngati mvula. Anati bola udyedwe ndi zidzukulu za amayi kusiyana ndi makoswe. Ndinati amayi akanamva zimenezi akanalira. Apa nkhope yawo inasintha. Anakoka chitini chija, anachivindikira bwinobwino, n'kuchikankhira pamapazi anga.

“Yatsala ni yambiri, ikwana,” anatero. “Tenga. Mawa ukwere ya ku Lusaka, usinthe, madzulo uli kumudzi. Munda ulipo, khasu lili kuseri kwa chitseko. Iwenso ni mwana wa amayi. Pita ukadzale.”

M'maganizo ndinaona mizere ya munda uja, kutalika kwake kuchokera pachulu mpaka kudambo. Ndinakumbuka kuti m'mawa womwewo ndinaima kawiri kuti ndipume pakati pa siteji ya minibasi ndi nyumba ya wodwala uja, mtunda woti mwana amathamanga osapuma. Ndinayang'ana manja anga, ndipo anali manja a amayi a m'zaka zawo zomaliza, mitsempha ili poyera. Ndinali nawo manjawo tsiku lililonse, koma ndinali ndisanawaone. Ndinadabwa kwambiri, ndipo mpaka lero ndimadabwa kuti munthu akhoza kukalamba anthu onse akuona, iye yekha osadziwa.

Mwana wanga anasonkhanitsa ana ake n'kupita osatsanzika. Mtedza wokazinga uja anausiya m'lichero.

Chitini ndinachiika pamwamba pa kabati m'chipinda changa. Ndinauza akulu anga kuti ndikuganizabe, iwo anangoti, ganiza. Masiku anayamba kulemera. Mitambo inkasonkhana chakumpoto masana n'kubalalika madzulo, kutentha kunkafika poti ngakhale nkhuku za aneba zinkangoyasamula pansi pa mpanda. Lamlungu linadutsa, lina linadutsanso, ku Kamushanga sikunachoke munthu. Ana anga enawo ankaimba foni n'kumalankhula mozungulira, ndinadziwa kuti nkhani yafika. Tinkakhala awiriwiri pansi pa mango, manja ali pamiyendo, popanda choswa. Kawiri konse ndinatsitsa chikwama changa chaulendo n'kuyamba kupinda zovala. Kawiri konse ndinachibwezera.

Mvula inagwa pakati pa Novembala, Lachisanu masana. Inayamba ndi mphepo imene inagwetsa mango aawisi pabwalo ponse, kenako madontho akuluakulu pamalata, kenako fungo lija la dothi. Nyenje zinaleka. Tinaima pakhonde, ndipo ndinazindikira kuti chichokere kumudzi ndili mtsikana, ndinali ndisanaonepo mvula yoyamba nditaima pamodzi ndi akulu anga. Nthawi ngati imeneyi iwo amakhala ali kale m'munda. Anayang'ana madzi akuyenda m'ngalande, nati ikagwanso mawa, anthu kumudzi adzala Lolemba. Sanandiyang'ane.

Kwathu mayi sapepesa mwana, amangomuphikira nkhuku nkhani n'kutha. Ine ndinatenga foni. Ndinamuuza mwana wanga kuti ndinalakwa, kuti dzanja langa linathamanga kuposa mutu, ndipo ndikupempha kuti mawa abwere ndi ana. Iye anangofunsa ngati abwere ndi makala, popeza anga amakhala onyowa nthawi zonse.

Loweruka anabwera onse, ana atatu ndi adzukulu, mpaka nyumba inachepa. Kunja kunali matope, choncho mbaula tinaiika pakhonde. Ndinalowa m'chipinda, ndinakwera pampando mdzukulu wamkulu atandigwira m'chiuno, n'kutsitsa chitini. Ndinachitsegula ndekha, ndinathira m'chiwaya ndekha, ndipo mthiko sindinapatse munthu. Sindinaupsereze. Ndinawaza madzi a mchere monga ankachitira amayi, utsi n'kukwera, ana n'kuyamba kukankhana ndi mbale zawo. Unali mtedza wokoma kuposa wina uliwonse umene ndinadyapo, ndipo zimenezo zinandipweteka mtima.

Nditatembenuka kuti ndiwapatse akulu anga, pampando pawo panalibe munthu. Ndinawapeza m'chipinda atakhala pabedi, msana uli kukhomo, akuyang'ana khoma. Ndinaika mbale pambali pawo n'kuwauza kuti adye udakali wotentha.

“Pereka kwa ana,” anatero osatembenuka. “Ine mano akuwawa.”

Dzulo lake lomwelo ndinawaona akutafuna chimanga chokazinga. Ndinatenga mbale ija, ndinakhala nayo pabedipo pafupi nawo, ndipo tonse awiri tinkamvetsera ana akutafuna pakhonde.