Mbali Imene A Mphepo Anapatsa Feggie

A Lemani Mphepo ndakhala nawo tebulo limodzi mu ofesi ya aphunzitsi, pasekondale yoyendera kuno kwa Simlemba, kuyambira chaka chimene makuponi a feteleza anayamba. Munthu wake ndi wamakani, ine ndikuuzeni. Ukati kunja kwatentha, iwo amafuna umboni. Amaphunzitsa Chichewa, ndipo mtima wawo wonse uli pa chimangirizo cha mtsutso.

Anali ndi kachitidwe kawokawo. Akapereka mutu, ankafunsa mwana aliyense mbali imene akuikhulupirira, kenako n'kumupatsa inayo. Ati sungagwetse mfundo ya mnzako usanaisenze wekha. Ana akalemba, ankaika zimangirizo ziwiri pamodzi, kalasi n'kumasanthula: apa pali umboni, apa ndi phokoso chabe, apa wolemba akungofuna timumvere chisoni.

Mu Fomu 3 munali Feggie, mwana wa tenanti wochokera ku Phalombe. Koma mtsikana wa mutu! Ankafika manja ali bii ndi utomoni wa fodya, koma kujomba ayi. Bambo ake ankafuna asiye sukulu azithandiza kumunda. Tonse tinkadziwa, ndipo a Mphepo ndiwo ankamulimbitsa mtima.

Tsiku lina anapereka mutu wakuti mwana wa tenanti azisiya sukulu kukathandiza makolo pa fodya. Feggie anati akutsutsa.

"Ndiye iwe ukavomereze," anatero a Mphepo.

Ine nditamva ndinawauza kuti, "Achimwene, zinazi si zoseweretsa. Mwanayu nkhaniyi amagona nayo m'nyumba." Anangoseka, ati akazidziwa bwino mfundo za bambo ake adzazigwetsa mosavuta.

Feggie analemba, mayo ine. Anati tenanti salandira kuponi, chifukwa dzina lake lili kumudzi kumene alibe munda, ndipo kuno kumene akulima alibe dzina. Kuti banja lituluke pa esiteti, fodya wake ayenera kuposa chimanga chimene bwana walidyetsa chaka chonse, ndipo zimenezo zimafuna manja. Fodya akakhwima sadikira belu loweruka. Anamaliza ndi funso: mwa ana a matenanti amene anadutsa pasukulu pano, ndani analemba mayeso a Fomu 4 lole yosamutsa isanamunyamule?

A Mphepo anawerenga chimangirizocho m'kalasi. Anachiika pafupi ndi cha otsutsa, chimene chinkangobwereza kuti sukulu ndi tsogolo. Ana anasanthula monga anaphunzitsidwira, cha Feggie n'kupambana. Mlungu wotsatira Feggie sanabwere.

A Mphepo anapalasa njinga mpaka ku esiteti, ine ndili pakaliyala. Tinamupeza m'chigafa akusoka masamba. A Mphepo anayamba kumunyengerera kuti abwerere kusukulu, mfundo yoyamba, yachiwiri, yachitatu, thukuta lili kamukamu. Feggie anamvetsera atagwada.

"Zamveka, aphunzitsi," anatero. "Kale bambo akamanena ndinkati ndi nkhanza chabe. Nditalemba ndekha ndinaona kuti sakunama. Munditchulire mmodzi yekha amene anamaliza, mawa ndibwera."

A Mphepo anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana fodya. Kunama akanatha, koma munthu amene wakhala akuuza ana kuti mfundo yopanda umboni ndi phokoso angayambire pati? Pobwerera sanapalase, tinayenda wapansi akukankha njinga. Zinandipweteka zedi, ndipo ndinawakwiyira nthawi yaitali.

Fodya atagulitsidwa, banja la Feggie linasamukira ku esiteti ina, sitidziwa kuti. Chimangirizo chija ahedi anachikonda, n'kulamula kuti chikhale chitsanzo cha Fomu 3 chaka chilichonse. A Mphepo anakana, ahedi n'kuwafunsa ngati ali nacho china choposa chimenecho. Analibe. Anapempha kusamukira sukulu ina, mpaka lero akudikirabe. Ndiye chaka ndi chaka amaima kutsogolo n'kuchiwerenga, kenako amati, "Ndani achigwetse?" Amafunsa ngati munthu wopempha madzi akumwa.

Chaka chathachi ndinali chiimire pawindo pamene Tithokoze, mtsikana wina wa ku esiteti komweko, anakweza dzanja. A Mphepo nkhope inawala.

"Eya, mwanawe, gwetsa!"

"Ayi aphunzitsi, ine ndimangofunsa," anatero Tithokoze. "Amene analemba bwino chonchiyu, sukulu anamaliza?"

A Mphepo anatembenuka n'kuyamba kufufuta bolodi, pamene panalibe cholembedwa chilichonse.