A Tsegulani ndi Kabokosi ka Adokotala

Pa geti ya nyumba ya kafukufuku wa sayansi ankawatchula kuti a Tsegulani, chifukwa mawu amenewo ndiwo anali moni wawo. Asanakhale mlonda anagwirapo ntchito m'sitolo ya zitsulo, komwe anaphunzira kuti munthu woseka kwambiri potuluka amakhala ndi sipanala m'sokosi. Ngakhale akazi awo akabwera kumsika, maso a bambowa ankayamba agwera m'dengu, nkhope pambuyo.

Nyumbayo sankaikhulupirira. Zaka zisanu ndi zinayi ankaona matanki a mpweya wozizira akulowa, koma chotulukamo sanachionepo. Ankangomva kuti mkatimo akupanga kompyuta yachilendo, yogwira ntchito pozizira koopsa.

"Kompyuta yanji yopanda mabatani?" ankafunsa mlamu wawo.

Lachitatu lina masana, mayi wina wofufuza, amene onse ankangoti Adokotala, anatuluka atagwira kabokosi kachitsulo ndi manja awiri, akuyenda ngati wanyamula mazira.

"Tsegulani."

"Bambo, aka sikatsegulidwa. Muli kanthu kopyapyala kuposa tsitsi kambirimbiri. Kakangokhudzana ndi mpweya, kawonongeka. Ndikukakayeza m'nyumba yatsidya ija."

"Chikalata chotulutsira katundu?"

Adokotala anali atachiiwala pa desiki. Anasiya kabokosiko patebulo la alonda n'kuthamangira m'mwamba.

A Tsegulani anasuzumira pa kazenera ka chivindikiro, osaona kanthu. Kabokosi kopanda kanthu munthu angakanyamule choncho? Anaganiza za golide. Anaganiza kuti mwina pansi pake pali pobisira. Anapotokola chivindikirocho, kabokosi kanangoti fyuu. Munali kagalasi kakang'ono ngati chikhadabo, basi.

Pobwera, Adokotala anaona chivindikiro chili chopendama. Anakhala pa benchi, chikalata chili m'manja.

"Miyezi isanu ndi iwiri," anatero motsitsa mawu. "Mwapezamo chiyani?"

"Mulibe kanthu."

"Tsopano ndiye mulibedi."

Sabata yonse a Tsegulani anadikira kalata yowachotsa ntchito. Kalata sinabwere. Adokotala ankawapatsabe moni m'mawa uliwonse.

"Ndi munthu wabwino ameneyo, kapepeseni," anatero akazi awo.

"Wabwino? Nanga bwanji sanandinenere kwa mabwana? Akuopa chiyani?"

"Inu bambo, tsiku lina mudzafufuza ndi m'thumba mwanu momwe."

Anakapepesabe, chipewa chili m'manja. Adokotala anawauza kuti awatsatire. Anawaveka zovala zoyera mpaka kumutu, n'kuwalowetsa m'chipinda momwe makina ankangoti tsii, tsii. Pa sikirini panali timadontho tondandalikana ngati mbewu m'mizere.

"Awa ndi maatomu," anatero Adokotala. "Ofanana nawo ndi amene munawatsegulira aja."

A Tsegulani anayang'ana nthawi yaitali, manja kumbuyo kuopa kukhudza kanthu. Chifundo chinawagwira ndithu. Kenako anawerama, n'kutsatira ndi maso waya wa sikiriniyo kuti aone ngati unkachokeradi m'makinamo.