Malata a Amayi ndi Mfuti ya ku Muloza

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi chaka chimene anandifunsa funso loposa msinkhu wanga, ine n'kuliyankha mothamanga ngati ndili m'kalasi. Mpaka lero ndikamva mvula ikugunda pa denga, funso limenelo limandibwerera.

Tinkakhala kumudzi kwa amayi, kuseri kwa Chinakanaka ku Mulanje, m'nyumba ya zidina yofolera udzu. Bambo anga anali mkamwini pamudzipo. Ankayendetsa thirakitala ku esiteti ya tiyi, ndipo amayi ankathyola tiyi komweko nyengo ya mvula. Ntchito ikachepa ankagulitsa nthochi ndi nanazi m'mbali mwa msewu. Mwana ndinalipo ndekha, ine Felesiya, ndipo poti mnyamata panalibe, bambo anandisandutsa mnzawo pa chinthu chimene ankachikonda koposa: mfuti.

Musaganize kuti anali mlenje. Moyo wanga wonse ndinawaona atapha njiwa imodzi yokha, nayonso anaidandaula tsiku lonse. Iwo ankangokonda mfutiyo, kulemera kwake, fungo la mafuta ake, ndi kuwombera chinthu chili patali n'kuchigwetsa. Kuchipinda kwawo kunali mfuti zitatu. Yoyamba inali gogodera ya agogo awo, imene inabwera nawo kuchokera ku Mozambique kalekale. Inali itadyeka ndi dzimbiri moti sikanaopseza ngakhale nkhuku. Yachiwiri anachita kupempha kwa bwana wina wa ku esiteti amene ankafuna kuitaya itathyoka. Yachitatu yokha ndiyo inali yamoyo, kamfuti ka mpweya kophera mbalame, kothyola pakati poika chipolopolo.

Anzawo akawaseka kuti mfuti ndi masewera a mabwana, bambo ankayankha monyada kuti zawo sizidya kanthu m'nyumba. Ndipo ankaoneka ngati akunena zoona. Mowa sankamwa, fodya sankasuta, kabaza sankakwera. Mafuta opaka mfuti ankapempha kwa telala wa pamsika, otsalira a makina osokera. Tizipolopolo ta mtovu ankatisamala ngati mbewu. Loweruka masana tinkaimika thunthu la nthochi yodula kale kuseri kwa nyumba, n'kubayapo zitsekerero za mabotolo. Tikawombera, tizipolopoloto tinkalowa m'thunthumo osaphwanyika kwambiri, ine n'kumatitokosola ndi msomali, bambo n'kumatiwongola ndi kampeni kuti tiwomberenso. Zala zanga zinkachita zakuda ndi utomoni wa nthochi, koma ndinalibe nazo ntchito. Ndinkawombera bwino kuposa anyamata onse a m'mudzimo, ndipo ndinkayenda modzimva, mapewa m'mwamba.

Amayi nawo anali ndi chosonkhanitsa chawo, kungoti chawocho sichinkakopa anthu oonerera. Ankagula malata. Nyengo ya tiyi ikatha, kapena nanazi zikayenda bwino, ankapita ku Chonde n'kubwerako ndi lata limodzi, mwina awiri, atawamangirira pa njinga ya kabaza, iwo akuyenda pambuyo pake wapansi. Ankawaimika kuchipinda, motsamira khoma, atawayalira matumba pansi kuopa chinyontho. Anayamba ine ndisanalowe sukulu. Kwathu kuno mvula sichita manyazi, ndipo denga la udzu likakhala chaka chimodzi layesetsa. Amayi ankafuna tsiku lina kudzaiwala za udzu. Chaka chimenecho malatawo anali atatsala pang'ono kukwana nyumba yonse.

Ndiye kunabwera mbiri yakuti ku Muloza kuli munthu wa ku Milange, kutsidya kwa malire ku Mozambique, amene akugulitsa mfuti ya mpweya yatsopano, ya galasi loyang'anira pamwamba. Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi, bambo ananditenga kuti tikangoiona. Anatero ndithu, kukangoiona. Mwini wakeyo anali mwamuna wamfupi, wosekaseka, amene anatitengera kuseri kwa golosale ina n'kuivundukula mu nsalu. Inali yonyezimira, thabwa lake losalala, lofiirira. Bambo anaigwira ndi manja awiri ngati akulandira khanda. Kenaka anandipatsa ine.

Anthu a kabaza ndi osintha ndalama anayamba kusonkhana ataona kamtsikana kovala diresi ya kutchalitchi katanyamula mfuti. Wina anaika chitsekerero cha botolo pa chitsa, patali ndithu. Ndinayang'ana m'galasimo, chitsekererocho n'kubwera pafupi ngati ndingachigwire ndi dzanja. Ndinawombera, chinauluka. Anthu anakuwa, ena kuwomba m'manja.

"Amigo," anatero mwini mfuti uja kwa bambo, kuwatchula bwenzi m'Chipwitikizi, "mwanayu ndi mfutiyi adziwana kale. Mukawalekanitsa mwachimwa."

Bambo anamuuza kuti ndalama zotere alibe. Iye anaseka, nati si ndalama zokha zimene zimagula. Ankamanga kasitolo kwawo ku Milange, ndipo chimene chinkamusowa chinali malata. Njira yonse yobwerera ine ndi bambo tinkaganiza za chinthu chimodzi chimene chinatsamira khoma kuchipinda.

Tinapeza amayi ali pakhonde akusenda nandolo m'lichero. Bambo anayamba patali. Anasimba za ulendo, za mtengo wa zinthu ku Muloza, za momwe anthu anandiwombera m'manja. Kenaka anati apusi akuchuluka m'minda, mfuti yabwino ingathandize mudzi wonse. Amayi ankangosenda. Atamva mawu akuti malata, manja awo anaima.

"Abambo ake a Felesiya, malata aja atsala pang'ono kukwana. Chaka chino ndimati tikhome."

"Tidzagula ena, amake mwana. Malata satha m'sitolo. Koma mfuti ngati imeneyi sibwera kawiri."

"Inu simudziwa kumene udzu umachokera."

Bambo anaseka, n'kundikokera pafupi. Kwathu nyumba ndi munda zimatsata mwana wamkazi, ndipo iwo anagwira pomwepo.

"Tisakangane ife. Ine pano ndine mlendo, inu mwakula. Nyumbayi mawa ndi ya uyu. Mwini wake anene. Felesiya, ukufuna chiyani, malata kapena mfuti?"

Sindinayang'ane n'komwe nkhope ya amayi. M'makutu mwanga munali mukadali phokoso la anthu a ku Muloza aja.

"Mfuti!"

Amayi anandiyang'ana kanthawi, kenaka anabweza maso m'lichero. "Mwini wake wanena," anatero, n'kupitiriza kusenda nandolo.

Tsiku limene anyamata a njinga anabwera kudzatenga malatawo, amayi analawirira kumunda ngakhale kunalibe cholima. Malata akamatuluka pakhomo amalira, ndipo anthu oyandikana nafe anatuluka kudzaona. Azakhali anga anaima patali atagwira m'chiuno. Ine ndinkathandiza kugwira zingwe. Pakhoma la kuchipinda panatsala malo oyera, aatali, pamene utsi sunafikepo zaka zonsezo.

Ndisaname, masabata otsatirawo anali okoma. Aphunzitsi a kusukulu kwathu, makalaliki a ku esiteti, onse ankabwera Loweruka kudzaona mfuti ya galasi, ndipo bambo ankati, "Muyambe mwapikisana ndi mwana wangayu." Amayi ankawaphikira tiyi alendowo, kuwapatsa moni mwaulemu, n'kubwerera kukhitchini. Poti sanadandaule, ine ndinkati nkhani inatha.

Chilimwe chitafika, Loweruka lina m'mawa amayi anandidzutsa n'kundipatsa chikwakwa ndi chitenje chakale chopangira nkhata. Anati tikupita kukamweta udzu wofolera. Zaka zam'mbuyo ankapita okha kapena ndi azakhali, ine ankandisiya poti ndinali wamng'ono. Ndinawakumbutsa kuti Loweruka ndi tsiku lowombera. Anati, "Tiye."

Amene sanakhaleko ku Mulanje sangamvetse. Kwathu malo onse ndi tiyi, ndipo pamene pathera tiyi payambira munda wa munthu. Udzu wofolera sumera pakhomo. Umagulidwa modula, apo ayi umautsata kutali, cha kumunsi kwa phiri, m'malo amiyala mmene khasu linalephera. Tinadutsa m'minda ya tiyi mpaka ndinatopa tisanamwete n'kamodzi komwe. Kumeneko tinapeza amayi ena atafika kale, aliyense akulimbirana pake.

Udzu umacheka. Pofika masana manja anga anali ndi timabala tambirimbiri, thukuta likalowamo n'kumawawa ngati tsabola. Tinthu toyabwa tinalowa m'khosi ndi kumsana. Amayi ankamweta atawerama osadzuka, ndipo apo m'pamene ndinaona koyamba kuti mikono yawo yonse inali ndi timizere toyera ta zipsera zakale. Ndinkawaona tsiku ndi tsiku, koma zimenezo ndinali ndisanazionepo.

Anandimangira kamtolo kakang'ono, iwo n'kusenza waukulu umene unkawabisa nkhope. Tili pakati pa njira khosi langa linauma. Ndinaponya mtolowo pansi, n'kukhala pamwala, n'kuyamba kulira mokwiya. Ndinati anzanga akusewera, bambo akundidikira, ine ndikuvutika ndi udzu ngati mbuzi. Ndinafunsa kuti tibweranso kangati.

Amayi anatsamiritsa mtolo wawo pamtengo, nakhala pafupi nane akupuma mwamphamvu.

"Mpaka denga likwane. Kenaka chaka chamawa, ndi chinacho." Anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje. "Chaka chino tikanapuma, mwanawe."

Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi nditapeza poyankhira. Ndinachita manyazi, ndipo pofuna kudzipulumutsa ndinawaponyera mlanduwo iwo.

"Nanga bwanji simunakane, amayi? Malata anali anu."

"Ndikane bwanji? Abambo ako maso ali ngwee, iwe ukudumphadumpha. Anthu awiri akondwa, ndiye ine ndekha ndikhale mfiti ya pakhomo?" Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Sindinakubweretse kuno kuti ndikulange. Unafunsidwa za denga usakudziwa kulemera kwake. Tsopano walidziwa. Senza, dzuwa likupita."

Ndinasenza. Tinabwererako Loweruka lotsatira, ndi linzake, mpaka mulu wa udzu unakwana. Amati mutu umodzi susenza denga, koma kwathu mutu wa amayi unali utalisenza zaka zonsezo, mtolo umodziumodzi, ife tili kuseri kwa nyumba kutokosola zipolopolo m'thunthu la nthochi.

Kuwombera sindinasiye tsiku lomwelo, koma kukoma kwake kunachoka. Ndikayang'ana m'galasi lija ndinkamva kuyabwa kwa udzu m'khosi. Tsiku lina ndinawauza bambo kuti tikabweze mfutiyo atipatse malata athu. Anapitiriza kuipukuta, kenaka anati malatawo ali kale pa denga la sitolo ku Milange, ndipo tidzagula ena. Ndikhulupirira kuti ankanena kuchokera pansi pa mtima. Anagula awiri chaka chotsatira. Kenaka mitengo inakwera, ine ndinasankhidwa kupita ku sekondale, ndipo awiri aja anagulitsidwa kuti ndipeze yunifolomu ndi sutikesi. Apanso amayi sanadandaule.

Bambo anga sanali munthu woipa, ndipo sindikufuna wina awerenge izi n'kuwaweruza. Ndakula tsopano, ndikumvetsa kuti mkamwini amakhala ngati wokhalira mwendo umodzi. Nyumba si yake, munda si wake, ngakhale mtengo umene wadzala yekha si wake. Mfuti zija ndizo zokha zimene akanatha kunena kuti ndi zawo. Ndipo zinaterodi: atamwalira, abale awo anabwera n'kuzitenga zonse zinayi kupita nazo kwawo. Chimene ndimawadandaula nacho n'chimodzi, kuti anaika mawu awo m'kamwa mwa mwana, podziwa kuti mayi sangalimbane ndi mwana wake. Koma pakamwa panali panga, ndipo amayi anali pomwepo, kutalika kwa mkono umodzi. Kungotembenuka kokha n'kuwayang'ana kukanakwana.

Denga la malata linadzafika mochedwa kwambiri. Ndinali nditayamba ntchito ya uphunzitsi, nditakwatiwa, ndili ndi ana anga, ndipo nthawi zonse pankapezeka china chofunika msanga. Pamene ndinkakhoma malatawo, amayi anali atakalamba, khosi lawo litauma moti potembenuka ankatembenuka ndi thupi lonse, ndipo makutu anali atatseka. Ndinadikira dala kumudzi mpaka mvula yoyamba. Inabwera masana, yamphamvu, ya ku Mulanje yeniyeni, ndipo m'nyumba monse munadzaza phokoso moti ana anga anatseka makutu akuseka. Amayi anali pamphasa. Anaona anawo, n'kuyang'ana kudenga, kenaka kwa ine.

"Ikugwa kodi?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera.

"Ikulira bwanji? Ndinkamva kwa anzanga ndikabisala mvula. Ndinkati tsiku lina ndidzamve kwanga."

Ndinagwira dzanja lawo n'kuligunditsa pa chitseko kuti mwina amve kunjenjemera kwake, iwo n'kumwetulira kuti andisangalatse ine.

Lero ndikamva munthu akudzitama kuti chimene amakonda sichidya kanthu pakhomo pake, kaya ndi mfuti, kaya mpira, kaya nkhunda, sinditsutsa. Ndimangoyang'ana kuti pakhomopo wakhala chete ndani. Ndaphunzira kuti chosangalatsa cha munthu wosauka chimakhala ndi wochilipira, ndipo kawirikawiri ndi uja amene sanafunsidwe, kapena amene anavomera chifukwa chotikonda. Amayi anga anagona m'nyumba yosadontha zaka zawo zomaliza, ndipo pa chimenecho ndimathokoza Mulungu. Koma mvula ya pa denga lawo ndinaimva ndine, amene ndinasankha mfuti.