Munda umene makina anapatsa mkamwini

Ndinadandaula koyamba Lolemba lotsatira mwambo wa Kulamba, chaka chimene kandege kopanda woyendetsa kanajambula minda ya kwathu, pakati pa Katete ndi Sinda. Kalata ya tsikulo ndili nayo, tikiti ya minibasi ndili nayo, ngakhale kapepala kamene anandipatsa pakhomo pa ofesi ya boma kuti ndidikire sindinataye.

Mkulu amene akutsogolera boma lathu lino ndinamudziwa asanakhale kanthu. Anali ndi kanyumba ka malata pamsewu ku Sinda, mmene ankatchaja mafoni a anthu ndi batire ya galimoto. Kenako anaphunzira kuwakonza. Atasankhidwa ukhansala anaika magetsi a dzuwa pamsika, ndipo ine ndinawomba nawo m'manja, sindibisa. Atakwera pampando waukulu analengeza kuti milandu ya malire yatha, poti makina salandira nkhuku ya munthu.

Alembi ake anafika nthawi yopalira. Lamulo lawo linali limodzi: wopezeka m'munda ndi khasu amujambule, adinde chala, mundawo ndi wake. M'munda wa malemu mlongo wanga anapezamo mkamwini, mwamuna wa ku Vubwi amene anakwatira mwana wake wamkazi. Mwana wamkaziyo, mwini munda, anali kuchipatala ndi khanda. Kwathu kuno mwamuna amatsatira mkazi. Amalima, amadya, amamanga nkhokwe, koma dothi ndi la mbumba, ndipo woyang'anira mbumbayo ndi ine malume ake. Palibe anandifunsa.

Ukwatiwo unatha. Mkamwini wosudzulidwa amanyamula bulangete ndi njinga yake n'kumapita. Uyu anatulutsa foni n'kutionetsa munda wathu utazunguliridwa ndi mzere wofiira, dzina lake lili pakati. Lero wadzalamo soya, akupalira ndi mkazi watsopano. Mwana wa mlongo wanga amayenda maganyu m'minda ya eni, ndipo popita amadutsa m'mphepete mwa munda umene amayi ake anathyola ndi manja awo.

Nditalemba makalata osayankhidwa mpaka chikwama kudzaza, ndinamupeza mkuluyo pa ofesi yake ku Katete, akutuluka.

“Bwana, makina anu apereka munda wa mbumba kwa mkamwini,” ndinatero.

“Atate, sisitimu ilibe malume,” anayankha akuseka. “Imalemba zimene yaona.”

“Nanga inu chimanga chimene munakulira chinkachokera m'munda wa yani?”

Anandikoleka dzanja paphewa, wina n'kutijambula. Patapita masiku anthu a kumpingo anandionetsa chithunzicho pafoni, pansi pake atalemba kuti nkhalamba ikuthokoza chitukuko. Ndinakachisindikiza pasitolo ya amwenye. Chili pamwamba pa mapepala onse, kuti ndikamatsegula chikwama mtima usazizire.

Ndine mkulu wa mpingo. Pa pemphero lija timati mutikhululukire monga ifenso tikhululukira, koma ndikafika pamenepo ndimatseka pakamwa, anzanga n'kupitiriza okha. Mulungu akudziwa chifukwa chake.

Tsopano tikumva kuti akufuna mpando wa ku likulu, akagawe minda ya dziko lonse ndi kandege kake. Zikwangwani zake zili pamitengo yonse ya mumsewu, akumwetulira ndi foni m'manja. Koma kalembera wa minda uja sanathe. Dzinja lino alembi afika kumudzi kwa amayi ake, kufupi ndi Mkaika. Amayiwo akalamba, miyendo inatupa, kumunda sapitako. Mundawo ndikuudziwa, ndi uja wa chulu chachikulu pafupi ndi mtengo wa mpoza. Ndinakauyendera kawiri. Khasu langa ndanola, mpini ndaika watsopano. Tsiku limene alembi adzafike adzandipeza ndili pakati pa mizere, thukuta lili kamukamu, chala changa chili chokonzeka. Adzalemba zimene aona. Ndiye tidzamve ngati sisitimu ilibenso amayi.

Munda wa mayi wokalambayo sindikuufuna. Ndikufuna kuti mwana wake adzakwere minibasi, adzakhale pabenchi pakhomo panga ndi kapepala kodikirira m'manja, monga ndinachitira ine.

Choncho, bwana, inu amene munkatchaja foni yanga ku Sinda, ndikupempha mwaulemu kuti nkhani ya munda wa mlongo wanga iyankhidwe polemba, ndi siginecha yanu ndi chidindo cha ofesi, ndipo dzina la mwana wake libwezeredwe pamundapo chimanga chisanafike popalira.