Mbale ya a Makwinja inapindika pamaliro

Ntchito yanga yoyamba inandipeza ndikugulitsa tomato pa Lirangwe. Mayi wina wodzagula anati bambo ake ku Chileka akufuna wantchito wa m'nyumba. Bambowo, a Makwinja, anali atapuma ntchito ku bwalo la ndege, ndipo manja awo ankanjenjemera moti sankathanso kuika singano pa galamafoni yawo. Ndiye kuwonjezera pa kuchapa ndi kukolopa, udindo umenewo unagwera ine.

Anandiphunzitsa ngati akundipatsira khanda. Mbale ya nyimbo uigwire m'mphepete, chala chisakhudze mizere. Upukute ndi kansalu kofewa mozungulira, osati mopingasa. Singano uitsitse pang'onopang'ono. Ukatha, mbale uibwezere m'chikuto chake, uiimike chilili, kutali ndi dzuwa.

Mbale zinalipo zambiri, koma ankafuna imodzi yokha: ya jazi, sakisofoni ikuimba nyimbo zachikondi modekha, piyano ndi ng'oma zikutsatira chapansipansi. Poyamba ndinkangomva ngati thole losowa amake. Kenako inandilowa mumtima. Ikayamba, akazi awo ankasiya zoluka n'kudzakhala pambali pawo.

Akazi a Makwinjawo anamwalira mu Okutobala. M'mamawa anandituma kuchigayo ndi chimanga cha pamaliro. M'mbuyo muno achibale anatulutsa katundu yense wa pabalaza, monga timachitira, kuti azimayi apeze pokhala ndi thupi. Mipando anaiika pansi pa mtengo wa mango, koma katoni ya mbale anaikweza pa malata a khola la nkhuku, ati ana asaseweretse. Ndinaipeza madzulo, mbale zonse zitapindika ndi dzuwa ngati ziwaya.

Maliro atatha, anthu atabalalika, a Makwinja anandiitana.

"Esinati, tandiikire ija."

Ndinawauza zimene zinachitika.

"Ika basi."

Singano inakwera, inatsika, sakisofoni inalira kamodzi kokha n'kudumpha. Mkuluyo anangoyang'ana khoma. Pomwepo anatulukira mwana wawo, yemwe uja anandipeza pa tomato.

"Mbalezi amasamala ndani muno? Si iweyo?"

"Ndinali kuchigayo, amayi."

"Usandiyankhe. Longedza."

Amene ananyamula katoniyo anali mchimwene wake weniweni wa mayi wondithamangitsayo, ndipo nyumba yonse inkadziwa. A Makwinja nawonso ankadziwa. Ndinaima pakhomo kudikira mawu amodzi okha kuchokera kwa munthu amene ndinkamumangira mabatani a malaya m'mawa uliwonse. Sanatsegule pakamwa. Ndikudziwa kuti anali pachisoni, koma mpaka lero zimandiwawa, sindinama. Ndinakwera minibasi ya ku Lirangwe tsiku lomwelo.

Kuchokera pamenepo ndagwira m'nyumba zambiri. Bwana akangoti, "Ichi ndimachikonda kwambiri, uzichisamala ndiwe," ndimakana mwaulemu, ngakhale anditche wamwano. Chinthu chikawonongeka pakhomo pa eni, mwana wa mwini nyumba salakwa. Amalakwa ndi amene katundu wake amakwana m'chikwama chimodzi.